Galimoto Imene Sitinaloledwe Kuitcha Ambulansi

Dalitso, tsitsa wailesiyo. Usazime ayi, tsitsa chabe. Kuyambira m'mawa ndakumva ukukalipa kuti mamembala a nyumba ya malamulo angokhala pa mipando yofewa pamene msewu wathu kuno ku Estates wasanduka maenje okhaokha. Pang'ono ukunena zoona. Koma khala pansi, nawenso Taonga ika foni m'thumba, ndikuuzeni za tsiku limene ine ambuya wanu ndinalowa m'nyumba ya malamulo ndili ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi, nsapato zobwereka zikundiluma zala. Mpandowo khalanipo inu. Ine ndizikamba ndikuyendayenda chomwechi, miyendo yangayi ikakhalitsa imauma.

Ana inu mumayesa Kafue inabadwa ndi mafakitale. Nthawi imene ndikukambayi kunalibe chifakitale cha feteleza chija, ndipo pano pamene pali nyumba yathu panali tchire, anthu ankadulapo udzu wofolerera. Tauni yonse inali siteshoni, maofesi a boma, timasitolo tingapo, ndi komboni ya anthu a njanji kumene tinkakhala ife. Atate anachokera ku Dedza ali mnyamata, nalowa ntchito yokonza njanji, osabwereranso. Ine ndi akulu anga a Esitere tinabadwira momwemo m'komboni, awiri chabe. Wotchi tinalibe. Sitima ya katundu ikalira pa mlatho, ndiye kuti teleka madzi a nshima. Ya anthu ikadutsa kupita kumpoto, ndiye kuti tsiku latha, wofuna Lusaka adikire mawa. Manje inu mumangoima pa msewu, minibasi zisanu kukulimbiranani ngati ndinu ndiwo.

Zinali zaka za Chitaganya, ife tinkati Fedulo. Maiko atatu anawamanga mtolo umodzi, likulu lake ku Sozibele, kumene inu mumati Harare. Ine za Fedulo sindinkazisamala. Ndinkangomva azibambo akutsutsana pansi pa mtengo Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi, ine n'kumadutsa ndi ndowa yanga pamutu. Ndinafika Sitandade Folo kwa masisitere, Chingerezi ndinkachimva munthu akamalankhula mosathamanga, ndipo ndinkaganiza kuti nzeru zimenezo zandikwanira.

A Esitere anakwatiwa poyamba. Anali munthu wofatsa, wosiyana ndi ine. Ankatha kukhala tsiku lonse akuluka kansalu ka pa tebulo, ine ulusi womwewo ndinkaukola kawiri n'kuutaya. Mimba yawo yoyamba inafika nthawi yotentha ija mvula isanagwe, pamene njanji zimachita kunyezimira. Tinaitana ba Mutinta, mayi wa Chitonga wa kumtsinje, amene anabadwitsa theka la ana a m'komboni. Anakhala nawo tsiku lonse ndi usiku wonse, mpaka tsiku lotsatira. Dzuwa lili pamutu anatuluka, nandikokera kuseri kwa nyumba.

"Felesiya, mwana wapingasa. Manja anga apa alephera. Afunika mpeni wa dokotala ku Lusaka, lero lomwe."

Pa Kafue panali kachipinda ka mankhwala, munali bambo mmodzi womanga zilonda ndi kugawa mapilitsi a malungo. Anali wa mtima wabwino, anabwera akuthamanga, koma anangogwira m'chiuno. Sitima ya anthu inali itadutsa kale. Alamu anga anazungulira masitolo onse kupempha, mpaka anapeza lole yonyamula chimanga. Tinawagoneka a Esitere pamwamba pa matumba, ine nditagwira chitenje kuwatchingira dzuwa, ba Mutinta atawagwira mutu. Lole yolemedwa pa zitunda zija imayenda ngati munthu wokalamba. Tinadutsa Shimabala akubuula. Fumbi loyera la ku Chilanga lisanaoneke, anasiya kubuula. Ba Mutinta anandiyang'ana, nanditsitsa dzanja limene linagwira chitenje lija.

Anapita onse awiri, mayi ndi mwana. Taonga, dzina lako lachiwiri lija unalitenga kwa a Esitere.

Chaka chotsatira ndinakwatiwa ndi ambuya anu aamuna, a Phiri. Inu munawadziwa ali ndi ndodo, koma nthawi imeneyo anali kamnyamata kothamanga, ntchito yawo yolumikiza mabogi pa siteshoni, Loweruka n'kumagwira pagolo m'timu ya mpira ya m'komboni. Posakhalitsa ndinaima. Kuyambira tsiku limene ndinadziwa, mtima wanga sunakhalenso pansi. Ndikasesa pabwalo ndinkasesanso. Ndikamva lole pa msewu ndinkatuluka kukaiona, ngati ndikuiyeza kuti ingandifikitse kapena ayi. Amayi ankati, "Khala pansi, udzabala mwana wosakhazikika." Koma ndikakhala pansi ndinkaona matumba a chimanga aja.

Ndiye ndinayamba kuyenda khomo ndi khomo. Ndinang'amba mapepala apakati a kope langa lakale la kusukulu, ndinalemba kalata ya Chingerezi changa chopunduka: ife amayi a pa Kafue tikupempha nyumba yochiriramo, namwino mmodzi, ndi ambulansi. Odziwa kulemba analemba maina, enawo ankadinda chala. Inki inatha pa nyumba yachisanu ndi chiwiri, tinapitiriza ndi mwaye wa pa poto wosakaniza ndi mafuta. Ba Mutinta anandiperekeza kumidzi ya asodzi, iwo akufotokoza m'Chitonga, ine nditagwira mapepala m'mwamba kuti asanyowe.

A Phiri sanakondwe nazo. Tsiku lina atabwera kudzadya masana anapeza mapepala ali pa mphasa, nshima isanapse.

"Amayi, mukudziwa kuti nyumba ino si yathu? Ndi ya njanji. Akandichotsa ntchito m'mawa, madzulo katundu ali panja. Ndipo pa chitupa changa analemba kuti kwathu ndi ku Nyasalande. Kumeneko inu munapondako?"

"Sindinapondeko."

"Nanga tikalowera kuti? Azungu akaona zala zambiri pa pepala amati ndi ndale."

"Si ndale izi, a Phiri. Ndi mimba yanu yomwe ino."

Anadya, nabwerera ku siteshoni. Sanandiletse, komanso sanandilole. Amuna a nthawi ija ankadziwa kukana ndi msana.

Kalatayo ndinayamba nayo ku maofesi a boma pompano. Kalaliki anaiwerenga, anaitembenuza, nandibwezera mwaulemu, amvekere nkhani yotere si ya ofesi ino. Ndinafunsa kuti ndi ya ofesi iti, iye anangoloza kum'mwera ndi cholembera. Mkulu wina wa mpingo wa Dachi, amene mkazi wake anadinda nawo chala, ndiye anandiuza kuti, "Mwana wanga, ku Lusaka kuli nyumba ya malamulo, ndipo masiku ano muli anthu akuda angapo. Mmodzi anali mphunzitsi, ndimamudziwa. Malamulo onse amaphikidwa mmenemo. Pita komweko." Anandilembera kakalata kondidziwitsa. Membala ameneyo dzina lake silikukhudzani, tonse tinkangoti a Ticha.

Nsapato ndinabwereka kwa mkazi wa katekisiti, phazi lake linali laling'ono. Diresi ndinasita ndi simbi ya makala. Inu simuidziwa simbi imene ija, Taonga. Unkaika makala amoto m'mimba mwake, n'kumaiyendetsa m'mwamba uku ndi uku kuti iyake, ndipo kaphulusa kamodzi kakagwera pa nsalu yoyera, ulendo watha. Manje magetsi akangozima ola limodzi mumalira ngati kwagwa maliro. Tinakwera sitima ine ndi ba Mutinta, bogi ya kumapeto ya mabenchi a matabwa, iwo atanyamula chigubu cha chibwantu, thobwa la kwawo, ndi mbatata zophika. Ulendo wonse sindinakhale. Ndinaima pa zenera, utsi ukundilowa m'maso, mapepala ndili nawo pachifuwa m'kati mwa diresi.

A Ticha tinawapeza pa khonde la chinyumba chachikulu cha boma kumtunda kuja. Anali munthu wamfupi, wa jekete yakuda yonyezimira m'zigongono chifukwa chakutha. Anatipatsa moni m'Chinyanja, ba Mutinta anawapatsa m'Chitonga, natikhazika pa benchi. Anawerenga kalata yonse, ngakhale zala za mwaye zija anaziyang'ana chimodzichimodzi. Kenaka anapuma mpweya wautali.

"Mayi Phiri, mwabwera nyumba yolakwika."

"Kodi ino si nyumba ya malamulo?"

"Ndi yomweyo. Koma si malamulo onse."

Anatulutsa kabuku m'thumba, kokutha m'makona, natsegula pamene panali mindandanda. Anati pamene ankamanga Chitaganya analemba malamulo aakulu ogawa ntchito, izi za nyumba ya ku Sozibele, izi za nyumba ya m'dziko lililonse. Anayendetsa chala. Njanji, Sozibele. Positi, Sozibele. Asilikali, Sozibele. Zipatala, anamwino, mankhwala, zonsezo zinatengedwa ndi Sozibele. Kuno kunatsala masukulu a ana akuda, minda ya anthu akuda, apolisi, ndi kayendetsedwe ka matauni.

"Ndikalemba funso la chipatala, kalaliki wa nyumba ino salilola n'komwe kufika pa pepala la tsikulo," anatero. "Koma lero masana tikukambirana za ndalama za chaka. Ndiyesa kulowetsa nkhani yanu pakati pa mawu anga. Mwina ndifika nayo patali, mwina ayi. Mukufuna kuona?"

Anatipezera timapepala tolowera. Mesenjala wa yunifomu anatikweza masitepe natikhazika m'mwamba, kumbali ya anthu akuda, natichenjeza kuti kumeneko munthu satsokomola. Pansi panali mabenchi oyang'anana, azungu ambiri, akuda owerengeka kumapeto. Kutsogolo kunakhala Sipikala, mzungu wovala tsitsi loyera lopotanapotana ngati ubweya wa nkhosa, kutentha konse kuja. Ba Mutinta anandinong'oneza kuti, "Uyu adwala chani kumutu?" Ndinaluma mlomo kuti ndisaseke. Aka kanali komaliza kufuna kuseka tsiku limenelo.

Anakamba za milatho, za dipi ya ng'ombe, za nyumba za apolisi. Nsapato zinkandiluma, mwana ankandipondaponda m'mimba, ine ndikungosuntha pa benchi. Kenaka a Ticha anaimirira. Anayamba ndi za matauni ang'onoang'ono a m'mbali mwa njanji, mawu ali phee, ngati akuphunzitsa kalasi. Ndinamva akuti Kafue. Ndinamva akuti mayi wina wachitsikana, lole ya chimanga. Anatulutsa mapepala anga aja, ndinawazindikira ndi mwaye.  Anangoti atchule liwu lakuti namwino, mzungu wina wa mbali ya boma anadzuka, nanena mawu ochepa. Sipikala anaweramira kutsogolo, nalankhula mosakweza mawu, mwaulemu ndithu. Ndinamva zonse, chifukwa analankhula pang'onopang'ono. Anati nkhani ya zipatala si ya nyumba ino, wolemekezeka abwerere ku zimene nyumba ino ili ndi mphamvu nazo.

A Ticha anawerama, napinda mapepala anga, nawabwezera m'thumba. Anapitiriza za mipope ya madzi.

"Wakamba chani wa nkhosa uja?" anafunsa ba Mutinta.

"Akuti Esitere si wa nyumba ino."

Sindikudziwa kuti ndinaimirira liti. Ndinangopeza mesenjala wandigwira pa mkono, akuti, "Mayi, mayi, chonde, mundichotsetsa ntchito."  Ndinatsika masitepe nsapato zili m'manja.

Ana inu, ine ndakwiyapo m'moyo, ambuya anu aamuna akanakhalapo akanakuuzani. Koma mkwiyo wa tsiku limenelo unali wina. Akanatitukwana, akanatithamangitsa ndi agalu, ndikanadziwa chochita nawo. Koma munthu kukukaniza mwaulemu, buku lili m'manja, ndipo bukulo likumuvomereza, umasowa pomugwira.

A Ticha anatipeza panja pansi pa mtengo dzuwa litapendeka. Sindinawadikire kuti ayambe.

"Ndiye inu mumatani mmenemo? Jekete ndi tayi, kuwerama kwa munthu wovala nkhosa! Mwapinda zala za amayi onse aja ngati pepala lokulungira fodya."

Ba Mutinta anandikoka diresi, koma a Ticha anakweza dzanja kuti andisiye. Anakhala pa muzu wa mtengo, jekete yomweyo.

"Funso limenelo ndimadzifunsa m'mawa uliwonse, mayi. Anzanga ena amati tituluke, tisiye mipando ili yokha, ndipo mwina akunena zoona. Ngakhale zimene nyumba ino yavomereza sizikhala lamulo mpaka Bwanamkubwa asaine, zina amazitumiza kutsidya kwa nyanja kuti akazione kaye. Ndife nyumba ya mpanda waufupi."

"Ndiye ndipite ku Sozibele?"

"Mungapite. Kalata ingapite. Kumeneko anthu athu ndi ochepa kuposa kuno, ndipo Kafue ambiri amangoidziwa ngati mlatho umene sitima imadutsapo. Yankho lingabwere mwana wanuyo akuyenda." Kenaka anandiyang'ana. "Ndikufunseni. Tsiku lija, akulu anu chinawapha n'chiyani? Ku Lusaka dokotala analipo?"

"Analipo."

"Chinasowa n'chiyani?"

Ndinaganiza za alamu anga akuthamanga sitolo ndi sitolo, dzuwa likupita. "Matayala," ndinatero.

"Matayala angakhale athu." Anatsegulanso kabuku kaja. "Onani apa. Matauni ndi a nyumba ino. Chisamaliro cha anthu a m'makomboni, maholo, masewera, makalabu a amayi, ndi za nyumba ino. Chaka chilichonse timavomereza ndalama zopita ku makomiti oyendetsa matauni pa ntchito zimenezo. Namwino sindingakupezereni. Nyumba yochiriramo sindingathe. Koma galimoto ya chisamaliro cha anthu pa Kafue, imeneyo Sipikala sangandikhazike nayo pansi. Kungoti kalatayi ilembedwenso. Muchotse chipatala, muchotse namwino. Liwu lakuti ambulansi lisaonekemo n'kamodzi komwe."

"Ndi Esitere ndimuchotsemo?"

"Mulembe kuti amayi ndi ana amavutika mayendedwe. Basi."

Zinandiwawa ngati ndikuwakana akulu anga pamaso pa anthu. Ndinayenda kufika ku mpanda ndi kubwerera, kawiri kapena katatu, osavala nsapato. Ba Mutinta ndiwo anandidula. "Felesiya, wakufa safuna dzina pa pepala. Lemba, sitima itisiya." Ndinalemba pa bondo, ndi cholembera cha a Ticha, iwo akundikonzera Chingerezi. Tsamba loyamba lokha ndilo linasintha, masamba a zala aja tinawalumikiza momwemo.

Kunyumba ndinapeza nkhani yandidutsa kale. Patapita masiku ochepa a Phiri anaitanidwa ndi kapitawo wawo. Anawauza kuti zamveka kuti mkazi wawo akuyenda ndi mapepala m'komboni, ndipo munthu wolephera kulamulira nyumba yake sangadalirike ndi mabogi. Sanawachotse, koma kukwezedwa kumene ankayembekezera chaka chimenecho kunapita kwa wina. Anandiuza zimenezi ali chiimire pakhomo, kenaka kwa milungu itatu ankangoti "moni" ndi "zikomo". Ndinkawaikira madzi osamba, iwo n'kusamba, ndi kutuluka. Ndinkafuna andikalipire kuti tithane nazo, koma ayi.

Galimoto sinabwere nthawi yanga. Musaganize kuti nyumba ya malamulo imathamanga chifukwa wina ali ndi pakati. Mwezi wachisanu ndi chitatu utatha a Phiri anabwera ndi tikiti ya sitima, naiika pa mphasa. Ndinakakhala kwa asuweni awo ku Matero, kachipinda kamodzi anthu asanu ndi awiri, ndikuyenda kuzungulira nyumba ngati nkhuku yofuna poikira. Azakhali anu a Rozina anabadwira m'chipatala ku Lusaka, bwinobwino, osavuta n'komwe. Ndinachita ngati manyazi. Koma pamene ndinali kumeneko, pa Kafue mkazi wa msodzi wina anatayanso mwana pa njira, iye anapulumuka mwamwayi.

Mvula inagwa, inatha, inagwanso. Ndinalembera a Ticha makalata anayi, anayankha awiri. Amayi ena amene anadinda chala anayamba kundiseka pa mpope. "Mayi Phiri, ambulansi yanu ija yafika pati? Kapena yaima pa Chilanga kumwa tiyi?" Ndinkaseka nawo, kunyumba n'kukaswa mbale. Kenaka tsiku lina positi inabweretsa envulopu yaikulu. Munali masamba awiri osindikizidwa, ochokera m'buku limene amalembamo mawu onse olankhulidwa m'nyumba ya malamulo. A Ticha anali atadula mzere ndi pensulo yofiira. Pamenepo mkulu wa boma woyang'anira matauni anayankha pamaso pa nyumba yonse kuti ndalama zavomerezedwa zogulira galimoto ya chisamaliro cha anthu pa Kafue, ndipo ntchito yake yoyamba idzakhala kunyamula amayi ndi ana pa nthawi ya mavuto. M'munsi a Ticha analemba ndi dzanja kuti, "Sungani pepalali. Mawu onenedwa mmenemo amamanga amene ali pansi pake." Ndinalikulunga m'kansalu, ndinaliika m'chitini cha masikono pamodzi ndi makadi a ubatizo.

Galimotoyo inafika nthawi ya chisanu. Inali yakale, yobiriwira, ya mabenchi awiri kumbuyo ndi denga la tenti. Mtanda wofiira panalibe, belu panalibe. Kalaliki wa komiti ya tauni, a Mwale, anatisonkhanitsa pa holo natichenjeza kuti aliyense woitcha ambulansi adzatibweretsera milandu ndi a ku Sozibele. Ndiye tinkangoti Chisamaliro. "Chisamaliro chapita kuti?" "Chapita kukatenga mipando." Chifukwa ndi zimene inayamba kuchita, ana inu. Inkanyamula mipando ya holo, makina oonetsera kanema, mbuzi za phwando la a komiti, ndipo Loweruka lililonse timu ya mpira. Amayi awiri inawafikitsa ku Lusaka miyezi yoyambayo, chifukwa matenda awo anakumana ndi tsiku limene inalibe ntchito.

Loweruka lina m'mawa ndikuchapa matewera, ndinaona ba Mutinta akubwera chothamanga, munthu wamkulu ngati uja, duku lili m'manja.

"Felesiya, Luyando, mkazi wa mwana wa mlongo wanga. Ali ndi pakati, akutaya magazi. Tamunyamula pa machira mpaka pa njanji."

Ndinasiya Rozina kwa amayi, ndinatsegula chitini, ndinathamangira ku holo. Chisamaliro chinali chitalira kale injini. Anyamata khumi ndi anayi anali atadzaza kumbuyo ndi majezi awo, akuimba, ulendo wa ku Mazabuka kumasewera a chikho amene anawakonzekera mwezi wathunthu. A Mwale anakhala kutsogolo ndi dalaivala, chipewa chatsopano kumutu. Ndinaima kutsogolo kwa galimoto, manja onse pa boneti yotentha.

"A Mwale, kuli mayi akutaya magazi pa njanji."

"Pepani mayi Phiri, galimoto ili ndi pulogalamu. Komiti inavomereza kale. Tikabwerako madzulo."

"Madzulo mudzanyamula maliro."

"Mayi, iyi si ambulansi. Munamva nokha. Masewera nawonso ndi chisamaliro cha anthu."

Apo ndinamasula kansalu kaja. Ndinawerenga mokweza, Chingerezi changa cha kwa masisitere, mzere wofiira wonse, kenaka ndinaumasulira m'Chinyanja kuti anyamata amve. Ntchito yake yoyamba. Ndinabwereza katatu liwu lakuti yoyamba.

"Awa si mawu anga, a Mwale, ndipo si a komiti yanu. Ananenedwa m'nyumba imene inapereka ndalama za galimoto ino. Mukapita ku Mazabuka, Lolemba ndikwera sitima, ndipo membala akaimirira kufunsa kuti ndani anasintha zimene nyumba inavomereza. Funso limenelo wa nkhosa uja sangalikanize, chifukwa matauni ndi awo."

A Mwale anatenga pepala, analiwerenga, analitembenuza kuona ngati kumbuyo kuli pothawira. Nyimbo inali itasiya. Wina kumbuyo anang'ung'udza kuti akazi a masiku ano. Ndiye ndinamva nsapato za mpira zikugunda pansi. Anali a Phiri, atavala jezi yawo yakuda ya pagolo. Sanandiyang'ane ine. Anayang'ana anzawo.

"Tsikani, amuna inu. Popanda wapagolo mukasewera bwanji? Ine sindipita. Awiri abwere tikanyamule munthu."

Anatsika mmodzimmodzi, ena akutukwana pansipansi. A Mwale anatsika pomaliza, nandibwezera pepala, amvekere, "Mulembe m'buku kuti ndi ulendo wa chisamaliro, musalembe zina." Tinamugoneka Luyando pa benchi, majezi awiri pansi pa mutu. A Phiri anakhala pansi m'galimoto atamutchinga ndi msana kuti asagwe pa mabampu, ulendo wonse. Dalaivala anayendetsa ngati waba galimotoyo. Tinafika dzuwa lisanafike pamutu, anamwino anamulandira pakhomo, chitseko chinatsekedwa.

Tinadikira pa khonde, ine ndikupita uku ndi uku, ba Mutinta akupemphera m'Chitonga, a Phiri atakhala pa sitepe ndi nsapato zawo za mpira, anthu odutsa akuwayang'ana. Timu inaluza chikho osagunda mpira, ndipo a Phiri anzawo anawasala mpaka chaka chinatha, ena mpaka ukalamba ankawakumbutsabe. Dzuwa litapendeka namwino anatuluka, nafunsa kuti abale a mayi wa ku Kafue ndani. Tinaimirira tonse atatu. Anati mayi ali moyo, wataya magazi ambiri koma ali moyo, ndipo mwana ndi wamwamuna.

Ba Mutinta anakhala pansi pomwepo pa simenti, nayamba kulira. A Phiri anavula chipewa chawo cha pagolo, anachipinda, anachipindulanso. Kenaka anatembenukira kwa ine, koyamba kundiyang'ana m'maso tsiku limenelo.

"Amayi," anatero, "pepala lija mulisunge bwino. Loweruka likubwerali tili ndi masewera ena."